Maliro pa Nthawi ya Kolera

 Mukumbukira matenda a kolera a 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, nasautsa kwambiri a ku Chegutu. Ena anawatenga pa maliro. Kusambitsa mtembo ndi mwambo wolemekezeka ndithu, koma tizirombo ta kolera sitifa pamodzi ndi wodwalayo. Cifukwa cace osambitsa abvale magolovesi a mpira ndi epuloni, apukute mtembo ndi madzi a klorini, abviikemonso zobvala ndi zopfunda za womwalirayo. Atatha asambe m'manja ndi sopo. Ndipo inu amai, tamverani: manja amene agwira mtembo asagwire mthiko tsiku limenelo. Nsima ya olira aphike ena.