GALIMOTO WAKALE NDI WOYENDETSA WAMFUPI

Nkhani ya lero ikamba za magalimoto akale a liwiro, a mipando iwiri, monga MG ndi Triumph, ndi za munthu wamfupi amene afuna kuyendetsa mmodzi wa iwo m'miseu ya Lusaka.

Galimoto wochedwa MGB anali kupangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira caka ca 1962 kufikira 1980, ndipo anapangidwa oposa 500,000. Mnzace, Triumph Spitfire, anacokera ku Coventry m'zaka zomwezo. Popeza ku England ayenda ku dzanja lamanzere monga muno m'Zambia, ciongolero ca amene anagulitsidwa kumeneko cikhala ku dzanja lamanja, koyenera miseu yathu. Koma mpando wace uli pansi kwambiri, zopondera ziri patali, ndipo ciongolero sicisendezeka monga ca magalimoto a makono. Munthu wamfupi akakhalamo, miyendo iperewera, ndipo maso aona boneti koposa mseu.

Ici si cinthu ca masewera. Iye amene acoka ku Chelstone m'mamawa kudzera mu Great East Road kufikira mu Cairo Road aponda kilachi kosawerengeka. Ngati phazi lace silifikitsa kilachi pansi, magiya akukutana ndi kutha msanga. Coopsa coposa ndi buleki: mwana akathamangira mu Burma Road ku Kabwata, woyendetsa woponda ndi nsonga ya cala sangathe kuima pa nthawi yace.

Ambiri angoika mtsamiro kumbuyo kwa msana, ena amanga thabwa pa copondera ndi waya. Zonse ziwiri ndi msampha, pakuti mtsamiro uterereka pa kona, ndipo thabwa likamasuka likhoza kugwera kunsi kwa buleki.

Njira yabwino iyamba ndi mpando. Pansi pace pali njanji ziwiri zimene kawirikawiri zigwidwa ndi dzimbiri. Zikatsukidwa ndi kudzozedwa girisi, mpando usendera kutsogolo monga kale. Mphira ndi siponji za m'kati mwa mpando nazonso zifooka ndi ukalamba, kotero kuti munthu amira. Wosoka mipando akaikamo zatsopano, woyendetsa akwera ndithu popanda kuboola citsulo ciri conse.

Zikapanda kukwana izi, mmisiri aike zitsulo zolimba pakati pa njanji ndi pansi pa galimoto, zomangidwa ndi mabauti amphamvu ndi timbale ta citsulo kunsi kwace. Ayambe wayang'ana ngati pansipo sipanadyedwe ndi madzi a dzinja, cifukwa bauti womangidwa pa citsulo coola azuka pa tsiku la ngozi. Zopondera zitalikitsidwe pomarizira pace, ndi zitsulo za mabauti, ndipo kilachi ndi buleki zikhale zolingana.

Muyeso wace ndi uwu: msana utatsamira bwino, kilachi ifike pansi bondo liri copindika pang'ono, ndipo manja agwire pamwamba pa ciongolero mapewa osacoka pa mpando. Cifuwa cisayandikire ciongolero kopitirira, pakuti magalimoto ambiri opangidwa caka ca 1968 cisanafike ali ndi mtengo wa ciongolero wosafupika pa ngozi. Ena aika ciongolero cacing'ono kuti nchafu zipeze malo. Koma adziwe kuti cidzalemera pokhota, cifukwa magalimoto awa alibe makina othandiza manja.

Lamba nayenso asaiwalike. Lamba wogwira m'ciuno ndi pa phewa pamodzi anakonzedwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo, nayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1959. Mpando ukasendera, lamba ayenera kudutsa pa phewa, osati pa khosi. Nchito yonse ikhale yoti mwini wace asacite nayo manyazi pamene a bungwe la RTSA ayesa galimoto.

Mau otsiriza apita kwa mwini galimoto, kaya akhala ku Woodlands kaya ku Kabulonga: asataye kanthu kali konse kamene kacotsedwa. Galimoto wakale akhala wa mtengo wapatali pamene ziwalo zace zoyamba ziripo, ndipo tsiku lina adzagwa m'manja mwa munthu wamtali amene adzafuna kuzibwezera m'malo mwace.