CHITHUNZI CHA MWANA WOLOWERERA: KODI IFE TAIMA PATI?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ophunzira akale anayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza kuti anzathu amene sanathe kufika nawonso awerenge.

A komiti anandipempha kuti ndinene za zinthu zimene ndimakonda chipumireni pantchito, zomwe ndi mabuku, mbiri yakale ndi zithunzi zojambula pamanja. Munda umenewu ndi waukulu, sindingaulime tsiku limodzi. Choncho ndasankha chithunzi chimodzi, munthu amene anachijambula, ndi buku limodzi lonena za chithunzicho. Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu.

Chithunzichi ndi cha kubwerera kwa mwana wolowerera, fanizo la Yesu limene tonse tinaliwerenga mu Luka 15. Anachijambula ndi Rembrandt wa ku Holland chakumapeto kwa moyo wake. Ndi chachikulu kuposa chitseko, kutalika kwake kumapitirira mamita awiri ndi theka. Mfumukazi Catherine ya ku Russia inachigula m'chaka cha 1766, ndipo chimasungidwa ku Hermitage, nyumba yoonetseramo zithunzi mumzinda wa St Petersburg. Ambirife sitidzafikako, koma chimapezeka m'mabuku ndi pa intaneti. Makope amene agawidwa pamatebulo anu ndi omwewo, tiyeni tiyang'ane pamodzi.

Yambani ndi mapazi a mnyamata wagwadayo. Nkhwayira ya kumanzere yavuka, phazi lili pamtunda. Ya kumanja yatha kuchidendene. Musanaone n'komwe nkhope yake mwadziwa kale kuti munthuyu wayenda mtunda wautali ndi njala. Mutu ndi wometa, zovala ndi nsanza, ndipo watipatsa msana, nkhope waibisa pachifuwa cha bambo ake. Tsopano onani bamboyo. Ndi nkhalamba yovala chofunda chofiira, maso ake ali ngati sakuonanso bwino. Waweramira mwana wake, manja onse awiri wawaika pamsana pake. Kuwala kwakukulu kwa chithunzichi kwagwera pamenepo. Palibe amene akuvina, palibe amene akuyankhula, mwana wa ng'ombe wonenepa uja sakuoneka. Rembrandt anasankha kamphindi kaja phwando lisanayambe.

Kuti timvetse chifukwa chake anajambula chotere, tiyenera kudziwa mbiri yake. Rembrandt anabadwira ku Leiden m'chaka cha 1606, bambo ake anali ndi chigayo. Atasamukira ku Amsterdam anatchuka msanga, ndipo anthu olemera ankalimbirana kuti awajambule. Mu 1634 anakwatira Saskia, mwana wa banja lochita bwino. Cha m'ma 1635 anajambula nkhani yomweyi ya mwana wolowerera, koma mbali ina: mnyamatayo ali m'nyumba yomwera mowa, chipewa cha nthenga kumutu, tambula m'mwamba, mkazi pamiyendo, akuseka. Nkhope ya mnyamatayo ndi ya Rembrandt mwini wake, mkaziyo ndi Saskia. Chithunzi chimenecho chili ku Dresden, m'dziko la Germany. Mu 1639 anagula chinyumba chachikulu pangongole.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Ana ake atatu anamwalira ali makhanda. Saskia anamwalira mu 1642, kumusiyira mwana mmodzi, Titus. Mu 1656 ngongole zinamukwana pakhosi, ndipo katundu wake ndi nyumba yomwe zinagulitsidwa. Hendrickje, mkazi amene anakhala naye pambuyo pake popanda ukwati wa kutchalitchi, anamwalira mu 1663. Titus naye anatsikira kulichete mu 1668. Rembrandt anamwalira mu Okutobala 1669 ali ndi zaka 63, naikidwa m'tchalitchi cha Westerkerk m'manda opanda chiliza. Chithunzi chili m'manja mwanuchi chinachokera m'zaka zomalizazi. Ali mnyamata anajambula kusangalala kwa kudziko lakutali. Atakalamba, zonse zitamuthera, anajambula manja a bambo. Nkhani ndi yomweyo, koma wojambulayo anali atalawa zowawa.

Buku limene ndikufuna kutchula ndi la Henri Nouwen, wansembe wa Katolika wochokera ku Holland komweko, amene anaphunzitsa pa mayunivesite a Yale ndi Harvard ku America. Iyeyu anaona kope la chithunzichi mu 1983, ndipo mu 1986 anapita kukachiona chenicheni, mzindawo ukutchedwabe Leningrad. Anakhala pampando maola angapo akungochiyang'ana. Chaka chomwecho anakakhazikika ku L'Arche Daybreak, pafupi ndi Toronto ku Canada, kumene ankatumikira anthu olumala m'maganizo. Buku lake, The Return of the Prodigal Son, linatuluka mu 1992. Nouwen ndiye anatithandiza ambiri kuona kuti manja a bambo aja ndi osiyana. Lakumanzere ndi lamphamvu, lagwira phewa ngati dzanja la mwamuna. Lakumanja ndi lofewa, langogona pamsana ngati dzanja la mayi. Yang'anani nokha muone ngati mukuvomerezana naye.

Koma amayi ndi abambo, munthu amene ndabwerera naye pano si bamboyo, si mnyamata wagwadayo ayi. Onani kudzanja lamanja la chithunzi. Pali mwamuna wamtali, wandevu, waima chilili. Nayenso wavala chofunda chofiira ngati cha bamboyo, ndipo kuwala kwamugwera kunkhope. Koma manja ake wawapinda, agwira ndodo, ndipo pakati pa iye ndi awiri aja pali mpata wa mdima. Akatswiri ambiri amati ameneyu ndi mkulu wake wa mnyamatayo. Mu Uthenga Wabwino mkuluyu anali kumunda pamene mng'ono wake ankafika, koma Rembrandt anamubweretsa pafupi kuti timuone akuyang'ana. Sanabe, sanaledzere, sanachoke pakhomo. Anagwira ntchito zaka zonse mokhulupirika. Chimene chikumuvuta ndi kutambasula manja basi. Ndipo mukumbukire kuti Yesu sanatiuze ngati mkuluyu analowa m'nyumba kapena ayi. Fanizo linathera panja, bambo akumudandaulira.

Tsopano tayang'anani m'holo muno. Amene timabwera ku misonkhano imeneyi kawirikawiri ndife amene zinatiyendera. Tinakhoza mayeso a Fomu 4, ena tinasankhidwa kupita ku yunivesite, tinapeza ntchito, lero tafika pa galimoto. Palibe cholakwa pamenepo, tinakhetsa thukuta. Koma kodi m'kalasi mwathu tinalimo ochepa chonchi? Ali kuti mnzathu uja ankatiphunzitsa masamu usiku, amene mowa unamulanda ntchito ndi banja? Ali kuti mtsikana uja anachotsedwa sukulu chifukwa cha pathupi? Nanga uja analowa m'ndende chifukwa cha ndalama za kuofesi, amene anatuluka kalekale? Nanga amene fizi inawasowa ali Fomu 2? Ambiri ali moyo. Amamva kuti tikukumana, koma manyazi amawagwira mwendo. Amadziwa kuti akafika pakhomo funso loyamba lidzakhala lakuti, kodi masiku ano mukugwira kuti? Ife tikakumana timawatchula maina, n'kupukusa mitu, n'kupitiriza kudya. Pamenepo ndiye kuti taima pamalo a mwamuna wa ndodo uja.

Chikhristu chimene tinaphunzira m'chapelo cha sukulu ino chimati tonsefe tinalandiridwa tisanayenere. Akuluakulu nawonso anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Rembrandt wa 1635 sankadziwa kuti adzakhala Rembrandt wa 1669. Ifenso amene tavala masuti lero sitikudziwa za chaka chamawa.

Pempho langa lili patatu. Choyamba, aliyense wa ife asankhe mnzake mmodzi wa m'kalasi amene sanabwerepo kuno, amufunefune, amuyendere kapena kumuimbira foni mwezi uno usanathe. Musapite ndi ulaliki kapena uphungu, mungokamuona. Chachiwiri, ndikupempha a komiti kuti aganizire zoti kusalipira chopereka chapachaka kusatsekereze munthu pakhomo. Amene tili nazo tingathe kulipirira mnzathu mwakachetechete, dzanja lamanzere losadziwa. Chachitatu, pamene tikusonkhera laibulale ya sukulu, tigulenso mabuku a zithunzi ndi a mbiri yakale, osati a mayeso okhaokha. Mwana amene waphunzira kuyang'anitsitsa phazi lopanda nsapato pachithunzi, sadzavutika kuliona pamsewu.

Bambo Wapampando, chibale ndi fupa sichiola, ndipo ubale wa pasukulu ndi chimodzimodzi. Chaka chamawa tikadzakumananso, ndikufuna mipando idzachepe muno.