Tiŵaveke Akali Moyo



Pa 26 Julayi Mpingo umakumbukira Yowakimu ndi Anna Oyera, makolo a Maria Virigo, ndiye kuti agogo ake a Yezu. Ndipo mu 2021 malemu Papa Francis adapatula Lamulungu lachinayi la mwezi womwewu kuti likhale tsiku la agogo ndi okalamba onse. Pokonzekera tsikuli ndafuna kulankhula nanu za chinthu chimene ena angati n'chosayenera paguwa, ndicho zovala. Ndikudziŵa kuti mukamva wansembe atatchula zovala mumayembekeza kuti ayamba kukalipira atsikana za kufupika kwa masiketi. Atsikana apume lero. Ine ndili ndi amayi athu achikulire amene akali pa ntchito, ndi zimene amavala kuyambira mbandakucha mpaka dzuŵa kuloŵa.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 9, timamva za mayi wina wa mumzinda wa Yopa, dzina lake Tabita. Mayiyu adadwala namwalira. Akhristu atamva kuti Petulo ali pafupi, ku Lida, adatuma anthu aŵiri kukamuitana. Atafika adapita naye m'chipinda chapamwamba m'mene adagonekamo mtembo, ndipo amayi amasiye adamuzungulira akulira. Taonani chimene amasiyewo adachita. Mbiri yaitali ya malemu, monga timaŵerengera ife pamaliro, padalibe. Iwo adangomuonetsa Petulo malaya ndi zovala zimene Tabita ankasoka akali nawo. Petulo adaŵatulutsa onse, adagwada napemphera, ndipo Tabita adatsekula maso nakhala tsonga.

Amene adasokapo amadziŵa kuti sungasokere munthu malaya osamuyang'ana. Uyenera kumuyandikira, kumuyeza mapeŵa, kuona pamene msana wapindika, kumufunsa pamene pamamuthina. Ndikhulupirira kuti chimene chidaŵaliza amasiye aja n'chimenechi. Anthu ambiri ankaŵalambalala m'njira, koma kwa Tabita ankayezedwa ndi chingwe ngati akazi a mfumu.

Tsono tibwere kwathu. Dzukani m'mamaŵa mukaime pamsika wa Balaka, kapena pa Chingeni pamene magalimoto amaima, muŵerenge amayi a imvi amene akuyala tomato, akukazinga mandasi ndi zitumbuwa, akuthamangira basi lichero lili pamutu. Pitani kusukulu ya pulayimale mukaone mphunzitsi amene kwamutsalira zaka ziŵiri kuti akwane 60 apume pa ntchito, ndipo amakhala chiimire pa bolodi m'maŵa wonse. Alipo anamwino ndi okolopa m'zipatala, alipo ophika m'nyumba za ena, alipo osesa m'tchalitchi ndi kuchapa nsalu za paguwa, ndipo ochuluka koposa ali m'minda ya thonje ndi nandolo. Ambiri mwa iwo akulera adzukulu. Kandalama kakapezeka kamayamba kagula yunifolomu ya mwana, kenaka makope, kenaka sopo. Agogo amadziika kumapeto kwa mzere, ndipo kaŵirikaŵiri ndalama imatha mzere usanafike pa iwo.

Ndiyambe ndaulula kulakwa kwanga, popeza wansembe amene amamvera machimo a ena ayenera kudziŵanso kuulula ake. Nditangodzozedwa kumene, ndalama yoyamba imene ndidaigwira ndidati ndikondweretse nayo mayi anga ondibala, amene ankagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika. Ndidaloŵa m'sitolo ina mu Limbe ndi kusankha diresi lonyezimira la nayiloni, lokhala ndi zipi yaitali kumsana, pamodzi ndi nsapato zosongoka kutsogolo. Sindidaŵafunse kanthu, chifukwa ndinkafuna kuŵadzidzimutsa. Adalandira ndi manja aŵiri, adalulutira, adavala tsiku limodzi kuti ndione. Ine ndidabwerera kuparishi mtima uli myaa, ndikudziyesa mwana wabwino.

Padapita zaka 12. Atamwalira, alongo anga potsekula sutikesi adapeza diresi lija lili chipindire, nsapato zili m'pepala lake lomwe lija. Mlongo wanga wamkulu ndiye adandiuza mosapsatira kuti: “Achimwene, mayi mkono wawo sunkafika kumsana chifukwa cha nyamakazi, nanga zipi ija akadatseka bwanji okha? Ndiponso nsalu ija inkaŵaŵaula thupi. Ankaopa kukuuzani kuti mungakhumudwe.” Diresi limenelo ndi limene tidaŵaveka m'bokosi.

Ndipo ndikudziŵa kuti sindili ndekha. Maliro akagwa nsalu zatsopano zimatuluka, ana a ku Joni amatumiza ndalama za bokosi lapamwamba ndi diresi loyera tsiku lomwelo. Zimenezi sindikuzinyoza, maliro ayenera ulemu wake. Koma mayi yemweyo adatha zaka akupita kumsika ndi bulawuzi yong'ambika m'khwapa, ataiphimba ndi chitenje kuti anthu asaone, ndipo nthaŵi imeneyo lamya za ana zidali zii.

Nanga chovala choyenera mayi wachikulire pa ntchito n'chotani? Nditaphunzira mochedwa chotere, ndakhala ndikufunsa amayi eni ake ndi matelala a pakhonde, ndipo onse amayambira pa nsalu. Inu a kuno simusoŵa kuuzidwa za dzuŵa la Okutobala ndi Novembala, pamene timitsinje timasanduka mchenga ndipo malata amachita kulira ndi kutentha. Onjezani pamenepo chinthu chimene ndichinene mwaulemu. Mayi akafika zaka za pakati pa 45 ndi 55, nyengo imene amaleka kupita kumwezi, thupi limayamba kutentha modzidzimutsa, thukuta kamukamu ngakhale usiku wa mu Juni. Kulodzedwa ayi, ndi m'mene Mlengi adaumbira thupi la mkazi, koma zimasautsa, ndipo amuna ambiri sitidziŵa n'komwe. Nsalu ya thonje imamwa thukuta ndi kulola kamphepo kudutsa. Nayiloni ndi poliyesitala zimatsekera kutentha m'kati. Pamoto nsalu iliyonse ingathe kuyaka, ya thonje yomwe, koma nayiloni ikapsa imasungunuka ndi kukakamira pakhungu, ndipo bala lake limazama. Mayi wokazinga mandasi asayandikire mbaula ndi nsalu yotere.

Wogulitsa aliyense adzakulumbirirani kuti chitenje chake ndi cha thonje lenileni. Njira yodziŵira ilipo. Sololani kaulusi kumphepete, mukayatse ndi machesi patali ndi nsaluyo. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa losalala, pamene poliyesitala imakhwinyata ndi kusiya kambulu kakuda kolimba.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti Balaka ndi limodzi mwa maboma olima thonje kwambiri m'Malaŵi muno. Achikulire akukumbukira nsalu za David Whitehead za ku Blantyre, kampani imene idagulitsidwa mu 2003. Thonje lathu lambiri likachotsedwa njere limapita kunja, ndipo mayi amene adalithyola ndi zala zake amabwera kudzavundukula mulu wa kaunjika ndi kutolamo bulawuzi ya pulasitiki. Kaunjika sindikumunyoza, watibisa umphaŵi ambirife. Pamulu womwewo za thonje zilimo, kungoti wosankha aŵerenge kansalu kolembedwa ka kukhosi kapena ka m'mbali, kapena apite ndi mdzukulu wodziŵa kuŵerenga.

Pa kasokedwe m'pamene telala wa pakhonde amaposa sitolo. Mabatani akhale kutsogolo, akuluakulu, oti zala zouma ndi nyamakazi zithe kuŵagwira. M'khwapa mukhale motakasuka kuti mkono ukwere bwino polemba pa bolodi kapena potula mtolo. M'chiuno mukhale lasitiki yofeŵa kapena lamba womanga mwini wake, chifukwa mimba ya munthu wamkulu sikhala chimodzimodzi m'maŵa ndi madzulo. Ndipo chonde, matelala, matumba! Amunafe tili ndi matumba anayi m'thalauza, ena m'jekete, pamene mayi amene akugwira ndalama yodyetsa banja lonse amaimanga pamfundo ya chitenje, lamya n'kuibisa pachifuwa. Thumba lakuya la m'kati, lokhala ndi batani lake, limangofuna kansalu kotsala basi.

Zonsezi sizichotsa kukongola. Chilundu chosokedwa bwino, bulawuzi yake ndi duku wa nsalu yomweyo, zonse zositidwa, ndi chovala chimene mphunzitsi wamkulu angaime nacho pamaso pa nduna osachita manyazi. Ndipo tileke kuuza amayi athu kuti nsalu za maluŵa oŵala zidaŵapitirira. Adalamula ndani kuti munthu akamera imvi azivala ngati ali pa maliro masiku onse?

Palinso nkhani ya kutalika kwa chovala. Balaka ndi tauni ya njinga, ndipo amayi ambiri amafika pa ntchito pa kabaza. Chitenje chofika m'zidendene chikakodwa m'masipoko, wachinyamata amadzuka n'kudzisansa fumbi, koma wa zaka 65 angathe kuthyoka fupa la m'chiuno, limene pa msinkhu umenewo limachedwa kulumikizana. Amayi ena ayamba kuvala thalauza lotakasuka m'kati mwa chitenje pokwera njinga kapena pogwira ntchito kumunda, ndipo ndamva kuti m'miphakati ina akunenedwa. Tikumbutsane mbiri pang'ono. Mu 1973 boma la Dr. Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala thalauza ndi masiketi osaphimba maondo. Lamulolo lidathetsedwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri pa referendamu ya 1993. Komabe mu Januwale 2012 tidaona anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre akuvula amayi pagulu chifukwa cha thalauza. Mayi amene adakula pansi pa lamulo lija, ngati thalauza silimukomera, asaumirizidwe. Koma amene wafuna kudziteteza asaweruzidwe, ndipo inu akatekisiti musaike m'kamwa mwa Mpingo lamulo limene lidali la boma.

Za nsapato ndidapsa kale, choncho ndikudziŵapo. Mapazi amatupa dzuŵa likamapendeka, ndiye nsapato ikayesedwe madzulo, mwini wake ali pomwepo. Zija zotumiza kamtengo kapena ulusi kuti ukaimire phazi zitheretu. Ikhale yotakasuka kuzala, ya chidendene chachifupi, yogwira phazi kumbuyo, yosaterera pa simenti yonyowa. Kwa odwala shuga nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa mapazi awo amachita dzanzi. Munga kapena thuza la nsapato yothina salimva, ndipo kabala kakang'ono kangathe kufikitsa munthu pa kudulidwa mwendo. Mayi wotere asayende pansi ndi mapazi okha, ndipo mdzukulu aziŵayang'ana kuphazi madzulo aliwonse.

Inu alimi a thonje, tsiku lopopera mankhwala mayi avale malaya a manja aatali, aphimbe miyendo, mapazi, mphuno ndi pakamwa, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Chitenje chimene wapopera nacho asaberekere mdzukulu, asasefere madzi, asaphimbire ufa.

Wina kumeneko akung'ung'udza kuti: “Bambo, dziko lili pa moto, inu mukutitayitsa nthaŵi ndi mabatani.” Tamverani. Nkhalamba ikayamba kuoneka ndi nsanza, ana amayamba kuithaŵa, akulu amayamba kunong'onezana, ndipo mwana akadwala m'mudzi chala chimaloza kwa iyo. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana nafe, okalamba anayi adaphedwa atanamiziridwa kuti ndiwo adatuma mphenzi imene idapha mtsikana wina. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo tiyenera kuthokoza. Sindikunena kuti bulawuzi ingatchinge chikwanje. Koma nthaŵi zambiri otchula munthu kuti ndi mfiti amakhala abale ake omwe, amene adaleka kalekale kumuyang'ana ngati mayi, ndipo kuleka kumeneko kumayamba kuonekera pa zimene wavala. Makolo athu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi amene mudzi waona kuti ali ndi omuveka, mudziwo umadziŵanso kuti ali ndi omulankhulira.

Ndili ndi mawu amodzi kwa mabungwe athu. Yunifolomu ya Amayi Achikatolika ndi yokongola, ndipo mtima umanyada kuiona pa chikondwerero. Koma Yakobe Woyera m'kalata yake, mutu 2, adadzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala zonyezimira ndi kuimika wosauka pambali. Ngati alipo mayi amene waleka kubwera kumsonkhano chifukwa nsalu ya bungwe yamukanika kugula, bungwelo lisonkhe limugulire mwakachetechete. Ndipo mukamasonkha kumbukirani kuti Lamulungu ndi tsiku limodzi, masiku ena asanu ndi limodzi mayiyo ali pamsika kapena kumunda. Mphakati uliwonse uli ndi wina wodziŵa kupalasa makina, ndipo chitenje chimodzi cha mamita aŵiri chimakwana bulawuzi. Inu ana amene muli kutauni kapena ku Joni, musatumize diresi losankha nokha monga ndidachitira ine. Tumizani ndalama ya nsalu ndi ya telala, mayi akasankhe okha maluŵa ake, akayezedwe okha, anene okha pamene akufuna thumba.

Tsiku lija tidatsekula sutikesi, pa chingwe m'chipinda cha mayi anga padalenjekeka bulawuzi ina ya buluu, yofwifwa ndi kuchapa, yosokedwa ndi telala wina wa pakhonde amene dzina lake sitilidziŵa. Idali ndi mabatani anayi akuluakulu kutsogolo ndi thumba la m'kati, ndipo m'thumbamo tidapezamo kolona yawo ndi timakobiri ta chenje cha mtedza. Amayi anzawo a pamsika atabwera kudzakhuza maliro adaizindikira onse, naipatsirana m'manja akulira. Ili ndi mlongo wanga mpaka lero, ndipo akuti akamapita kumunda amavala yomweyo.