Nkhokwe Imodzi, Mabanja Atatu: Kagawidwe ka Malo Osungira Zinthu mu Kompyuta

Konzani kope ndi pensulo, pakuti phunziro la lero lili ndi masamu.

Kuyambira m'chaka cha 2014, pamene phunziro la kompyuta linalowa m'ndondomeko ya maphunziro m'dziko la Zambia, sukulu zambiri zaona vuto limodzi: ana ndi ambiri, koma makina ndi ochepa. Njira ina yochepetsera vutoli ndi yakuti kompyuta imodzi yamphamvu igwire ntchito ya makompyuta angapo. M'kati mwake amakonzamo makompyuta ena amene sitingawagwire ndi manja, koma amayaka, amazima, ndipo amagwira ntchito monga makompyuta enieni. Akatswiri amawatcha virtual machine, koma ife tidzawatcha makompyuta ongoyerekeza. Nzeru imeneyi si yatsopano, pakuti kampani ya IBM ya ku America inaitulutsa kale m'chaka cha 1972.

Makompyuta ongoyerekezawa alibe posungira zinthu pao pa okha. Onse amadalira disiki ya kompyuta yaikulu ija, monga mabanja atatu amene amatapa chimanga m'nkhokwe imodzi. Banja limodzi likadzaza nkhokwe ndi zinthu zake, enawo amasowa poika zao. Ndiye chifukwa chake tiyenera kugawa malowo mwanzeru tisanayambe kugwiritsa ntchito.

Choyamba tidziwe miyeso. Mlimi akapita ndi chimanga ku Food Reserve Agency amawerenga matumba a makilogalamu 50. Kompyuta nayo ili ndi miyeso yake. Chilembo chimodzi chimatenga malo otchedwa baiti. Mabaiti 1,000,000 ndi megabaiti imodzi, mamegabaiti 1,000 ndi gigabaiti imodzi, ndipo magigabaiti 1,000 ndi terabaiti imodzi. Disiki yoyamba ya IBM, ya m'chaka cha 1956, inali yaikulu ngati kabati, ya mbale 50, koma inkasunga zilembo 5,000,000 zokha. Lero zithunzi ziwiri kapena zitatu za pa foni zikhoza kuidzaza. Kumbukirani ichi: mawu olembedwa amatenga malo pang'ono, zithunzi zimatenga ambiri, koma kanema ndiye amatha malo msanga kuposa zonse.

Tsono tiyeni tiyerekeze. Sukulu ina yapeza kompyuta ya disiki ya magigabaiti 1,000, ndipo aphunzitsi afuna makompyuta ongoyerekeza atatu: ina ya maphunziro, ina ya kaundula wa sukulu ndi zotsatira za mayeso, ina yoti ana aziyeserapo. Lembani 1,000 pamwamba pa tsamba lanu, ndipo tizichotsera pamodzi.

Poyamba patulani gawo limodzi mwa magawo asanu likhale lopanda kanthu. Amenewo ndi magigabaiti 200, ndipo atsala 800. Mayi wanzeru sapula chimanga chonse, amasiyako mbewu. Disiki ikadzaza kotheratu, makompyuta onse atatu akhoza kuima nthawi imodzi, ndipo ntchito imene ana anali kulemba ikhoza kutayika.

Kachiwiri, kompyuta yongoyerekeza iliyonse ifunika kachipinda kake kosungiramo mapulogalamu oiyendetsa. Windows 11, imene inatuluka m'chaka cha 2021, imafuna magigabaiti osachepera 64. Tipatse iliyonse 70. Kuchulukitsa 70 ndi 3 kutipatsa 210, ndipo atsala 590.

Kachitatu, tifika pa nkhokwe ya onse, imene ili mutu wa phunziro lathu. Mabuku, mapu, nyimbo ndi makanema ophunzitsira amafunidwa ndi makompyuta onse atatu. Si nzeru kuwasunga katatu. Timakonza gawo limodzi la disiki limene onse amatsegula, chinthu chilichonse n'kusungidwa kamodzi kokha. Nanga gawoli likhale lalikulu bwanji? Pali mafunso atatu: Tili ndi zochuluka bwanji lero? Zimaonjezereka bwanji pa temu? Tifuna kuti malowa atifikitse zaka zingati?

Tinene kuti lero sukuluyo ili ndi zinthu za magigabaiti 150. Temu iliyonse aphunzitsi ndi ana amaonjezera 30, monga makanema a mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February, kapena a Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August. Matemu atatu apereka 90 pa chaka, ndipo zaka zitatu zipereka 270. Kuphatikiza 150 ndi 270 kutipatsa 420. Chotsani 420 pa 590, ndipo atsala 170.

Kachinayi, pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'nkhokwe ya onse. Maina a ana, zotsatira za mayeso ndi mafunso amene sanalembedwe ayenera kukhala m'gawo lao lokhoma, limene litsegulidwa ndi aphunzitsi okha. Popeza ndi mawu olembedwa, magigabaiti 20 akwana. Magigabaiti 150 otsalawo tisungire chinthu chotchedwa snapshot, ndiko kujambula m'mene kompyuta yongoyerekeza ilili lero, kuti mwana akaononga mapulogalamu mawa, aphunzitsi aibwezere pamene inali. Zojambulazi zimakula tsiku ndi tsiku, chotero zakale ziyenera kufufutidwa.

Tsopano mawu atatu kwa inu aphunzitsi. Oyamba ndi awa: disiki yolembedwa terabaiti imodzi pa bokosi, Windows amaionetsa ngati magigabaiti 931, chifukwa amawerenga ndi 1,024 m'malo mwa 1,000. Pokonza kagawidwe kenikeni, yambirani pa nambala imene kompyuta yaonetsa.

Achiwiri ndi chenjezo. Mapulogalamu monga VirtualBox amalola njira ziwiri. Mukhoza kupatula malo onse a kompyuta yongoyerekeza nthawi yomweyo, kapena kuilonjeza malo ambiri, iyo n'kumatenga pang'onopang'ono pamene ikuwafuna. Njira yachiwiriyi imasunga malo, koma ili ndi msampha, pakuti munthu akhoza kulonjeza makompyuta atatu magigabaiti 500 iliyonse pa disiki ya 1,000. Zili ngati kulonjeza mabanja atatu matumba asanu lililonse pamene m'nkhokwe muli matumba khumi. Zonse zimaoneka bwino kufikira tsiku limene onse adzafuna zao. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Werengerani malo amene alipodi, ndipo muziyang'ana otsala kumapeto kwa mwezi uliwonse. Dziwaninso kuti kukulitsa gawo n'kosavuta, koma kulichepetsa n'kovuta, motero ndi bwino kuyamba ndi locheperapo.

Achitatu ndi akuti snapshot siiteteza zinthu disiki ikafa, chifukwa imakhala pa disiki yomweyo. Nkhokwe ikapsa, zonse za m'kati zimapsera limodzi. Kaundula ndi zotsatira za mayeso azikoperedwa pa disiki ina, yosungidwa m'chipinda china.

Nayi ntchito yanu, ana. Sukulu ina ili ndi disiki ya magigabaiti 500 ndi makompyuta ongoyerekeza awiri. Patulani gawo limodzi mwa magawo asanu, perekani 70 kwa kompyuta iliyonse, 20 kwa kaundula, ndi 60 kwa snapshot. Kodi nkhokwe ya onse yatsala ndi magigabaiti angati? Ngati lero muli zinthu za magigabaiti 60, ndipo temu iliyonse muonjezereka 20, kodi idzadzaza patapita matemu angati? Mukapeza mayankho muwaonetse aphunzitsi anu. Tsalani bwino nonse, tidzakumananso pa phunziro lotsatira.