Chikomekome cha Mkuyu: Kusankha Zomalizira M'kati mwa Chipatala cha Khungu

Nkhani yathu lero ikukhudza mtundu wa zipatala umene ukuchuluka m'mizinda ikuluikulu ya maiko ambiri, ndiwo wa zipatala zokonza khungu ndi maonekedwe a thupi. Kumeneko kumapita anthu ovutika ndi ziphuphu, a zipsera za moto kapena za ngozi, a mawanga pankhope, ndi ena ofuna kuchepetsa makwinya. Ambiri mwa iwo amalipira ndalama za m'thumba mwao, ndipo amalowa ali tcheru. Munthu amene akudzapereka nkhope yake m'manja mwa dokotala amayamba wayang'ana pansi pamene waponda ndi khoma limene watsamira. Akaona tailosi losweka kapena penti wosupuka, mtima wake umayamba kukayika, ngakhale dokotalayo akhale katswiri wotani.

Kaamba ka ichi, eni zipatala zotere amakopeka ndi zinthu zonyezimira, pofuna kuti malo ao afanane ndi hotela. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimakongola tsiku lotsegulira chikhoza kusanduka chamanyazi chaka chisanathe, pamenepo nkuti ndalama zitapita kale. Tsono langizo limene ndikufuna kuti mulisunge ndi ili: musanagule chinthu chilichonse choika pansi, pakhoma kapena pa tebulo, funsani kuti chidzatsukidwa ndi mankhwala anji, ndiponso kangati pa tsiku. Amene angakuyankheni bwino mafunso awiriwa ndi namwino ndi wokolopa, pakuti ndiwo amadziwa zimene zimatayikira pansi m'chipatala.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti m'chipatala mumalowa anthu 60 pa tsiku, ndipo chimatsegulidwa masiku 300 pa chaka. Amenewo ndi anthu 18,000 pa chaka, osawerengera operekeza ndi antchito, ndipo onsewo amadzera pa khomo limodzi ndi kugwira chitseko chimodzimodzi. Ngati pansi pakolopedwa kawiri pa tsiku, ndiye kuti pa zaka 10 padzakhala patanyowa ndi mankhwala ka 6,000. Chinthu chimene chimakhala zaka 20 m'nyumba yogona chikhoza kulephera kupirira ntchito yotere ngakhale zaka 3.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mai Florence Nightingale, namwino wa ku England amene anasamala asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Crimea, anasindikiza buku lonena za kamangidwe ka zipatala m'chaka cha 1859. M'bukumo analangiza kuti makoma ndi pansi pa chipatala zikhale zosamwa madzi ndi zosavuta kutsuka. Zipangizo zasintha kwambiri chiyambire nthawi imeneyo, koma muyeso wake ukadali womwewo.

Nanga mankhwala amene tikunenawa ndi ati? Oyamba ndi klorini, amene ambiri timamdziwa ndi dzina la Jik. Pamene patayikira magazi, amasungunula gawo 1 la Jik wa mphamvu ya 3.5 peresenti m'magawo 6 a madzi. Madzi otere amapha tizirombo toyambitsa matenda, komanso amasukulutsa mtundu wa nsalu ndi kudya chitsulo. Achiwiri ndi sipiriti wa mphamvu ya 70 peresenti, amene amachititsa vanishi wa pa thabwa kuyera ndi kuzimirira. Palinso ayodini, amene amasiya banga lofiirira pa chinthu chilichonse chokhala ndi timabowo. Ndipo m'chipatala cha khungu muli chinanso chimene sichipezeka kawirikawiri m'zipatala zina, ndicho asidi wosupulira khungu la pamwamba, monga glycolic acid ndi salicylic acid. Chilichonse chimene mungaike m'chipindamo chidzakumana ndi zinai zimenezi.

Tiyambe ndi pansi. Kapeti tiichotseretu m'maganizo, pakuti imasunga fumbi ndi chinyezi, ndipo magazi akagwerapo palibe njira yoitsukira mokwanira. Simenti yopaka polishi wofiira, imene tinaizolowera m'nyumba zathu, ndi yotsika mtengo, koma imang'aluka, imamwa mankhwala, ndipo imaterera ikanyowa.

Matailosi ndiwo ambiri amathamangira, ndipo akhoza kugwira ntchito bwino ngati mwasankha mosamala. Funani a porcelain, amene amaotchedwa pa moto waukulu kotero kuti madzi amene amamwa sapitirira theka la gawo 1 pa magawo 100 a kulemera kwake. Pa katoni yake pamalembedwa zizindikiro ziwiri zimene muyenera kuziwerenga. Choyamba ndi PEI, chimene chimanena za kupirira kwa tailosi likamapondedwa. Malo odzaza anthu amafuna 4 kapena 5. Chachiwiri ndi chilembo cha R, kuyambira R9 kufika R13, chimene chimanena za kusaterera. Nambala ikamakwera tailosi limakhakhala, ndipo lokhakhala kwambiri limagwira litsiro nkumang'amba chikolopa. M'makonde ndi m'zipinda zodikirira R10 amakwanira. Kumbukirani kuti ena mwa odwala anu ndi okalamba, ndipo ena amatuluka m'chipinda cha dokotala ali ndi chizungulire. Tailosi lonyezimira ngati kalilole likhoza kuthyola munthu chiuno.

Kufooka kwa matailosi kuli m'mipata yake. Simenti wamba yotsekera mipatayo imamwa madzi, imada, ndipo tizirombo timabisala momwemo. Njira yake ndi kugula matailosi akuluakulu kuti mipata ichepe, ndi kutseka mipatayo ndi epoxy, amene salowa madzi. Mugulenso makatoni ena apadera, pafupifupi gawo 1 pa magawo 10, a nambala yofanana ndi enawo, chifukwa mtundu umene uli m'sitolo lero sudzapezekanso mutaswa limodzi zaka zikubwerazi.

M'zipinda zobayira jekeseni ndi zochekera, zipatala zambiri zimayala vinyl wobwera m'mipukutu, wochindikala mamilimita 2. Ubwino wake ndi wakuti polumikizira pake amapawotcherera ndi mpweya wotentha, kotero kuti pansi ponse pamakhala ngati chikopa chimodzi chopanda msoko. M'mphepete amamukweza pakhoma masentimita 10 mokhotetsa bwino, kuti pasakhale ngodya yosungira litsiro. Koma ntchito imeneyi imafuna mmisiri amene anaiphunzira. Funsani kuti akuonetseni malo amene anayalapo zaka zingapo zapitazo, mukaone ndi maso anu.

Palinso terrazzo, amene anachokera ku Venice m'dziko la Italy. Ameneyu ndi timiyala tosakaniza ndi simenti, ndipo zikauma amazipala ndi makina mpaka kusalala. Mtengo wake poyamba ndi wokwera, koma amakhala zaka makumi angapo, ndipo akakalamba amangomupalanso nkubwerera mwakale. Amayenera bwino m'makonde ndi polandirira alendo. M'chipinda chogwiritsira ntchito asidi musamuike, pakuti asidi amadya simenti ndi timiyala take tomwe.

Kaya mwasankha chiti, mdani wamkulu amachokera m'nthaka. Pansi pa konkire payenera kuyalidwa pepala lakuda lapulasitiki lotchinga chinyezi, ndipo simenti yosalazira pamwamba ipatsidwe nthawi youma. Amisiri amawerengera pafupifupi milimita 1 pa tsiku, motero simenti yochindikala masentimita 5 imafuna miyezi pafupifupi iwiri, ndipo nyengo ya dzinja imachedwerapo. Kuti muyese, matani kapepala kapulasitiki pansipo m'mbali zonse zinai ndi kukasiya usana ndi usiku. Mukapeza thukuta kunsi kwake, dikirani. Mwini nyumba wothamangira kutsegula amayala vinyl pa simenti yonyowa, ndipo pakapita miyezi yowerengeka amaona matuza akutukuka m'khonde monse. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsopano tikwere ku makoma. Penti wa madzi wotsika mtengo amachoka ndi chinsanza chonyowa. Gulani penti wolembedwa kuti ndi wotsukika, wowala pang'ono, ndiponso wopanda mtovu, pakuti mtovu ndi poizoni makamaka kwa ana. Mapepala okongoletsa omata pakhoma asiyeni, chifukwa amamatuka ndipo kuseri kwake kumamera nkhungu. Kumbuyo kwa sinki ikani matailosi kapena chinthu china chosalowa madzi. Ndiponso yang'anitsitsani khoma la chipatala chilichonse chakale: mudzaona kuti limaonongeka pamene pamagunda misana ya mipando, ndi pa ngodya pamene pamakhula machira ndi njinga za olumala. M'malo amenewa khomani zotchinga zapulasitiki wolimba kapena zachitsulo nyumba ikadali yatsopano.

Chitseko chikhale chathabwa lodzaza m'kati, chotakata masentimita 90 kapena kuposerapo kuti njinga ya wolumala ilowe, ndipo kumunsi kwake kukhomedwe chitsulo chopyapyala pamene pamamenya nsapato ndi chikolopa. Chogwirira chikhale chotsitsa ndi chigongono, kuti namwino amene wasamba m'manja asachigwirenso. Makabati opangidwa ndi utuchi wopanikiza amatupa akangolawa madzi. Ngati mwawagula, aimikeni pa miyendo kapena muwakhomere kukhoma kuti madzi okolopera asawafike. Kumene kuli chiswe, thabwa lililonse lithiridwe mankhwala lisanalowe m'nyumba.

Pa matebulo ogwirirapo ntchito mpamene ambiri amanyengedwa. Mwala wa marble ndi wokongola zedi, koma ndi mbale wake wa laimu, ndipo asidi amaudya. Dontho la mandimu lokha limasiya chipsera chosachoka ndi sopo. Granite amapirira asidi bwino kuposa marble, ngakhale amafuna kupakidwa mankhwala otseka timabowo take nthawi ndi nthawi. Chitsulo chosachita dzimbiri, cha mtundu wotchedwa 304, chimene chili ndi magawo 18 a chromium ndi 8 a nickel pa 100 alionse, ndicho choyenera pa masinki ndi potsukira zipangizo. Koma nachonso klorini akaumirapo amachiboola timaenje, choncho wotsuka aphunzitsidwe kutsukuluza ndi madzi oyera. Palinso zopangidwa m'fakitale monga Corian, amene kampani ya DuPont inatulukira mu 1967. Alibe timabowo, amalumikizika popanda mpata, ndipo akakandika amakwechedwa nkusalalanso. Za miyala ina yopanga, yosakaniza ndi quartz, dziwani kuti fumbi lake limaononga mapapo a amisiri oidula, mwakuti dziko la Australia linailetsa kuyambira pa 1 July 2024. Moyo wa mmisiri nawonso uwerengedwe pa mtengo wa tebulo.

Chipatala cha khungu chili ndi zofunika ziwiri zapadera. Choyamba, m'chipinda mogwiritsira ntchito makina a laser musakhale kalilole kapena chinthu chonyezimira, ndipo mazenera aphimbidwe, pakuti kuwala kwa makinawo kukanjanja nkulowa m'diso kukhoza kuchititsa khungu losaona. Chachiwiri, dokotala amaweruza matenda poona mtundu wa khungu la wodwala. Khoma lofiira kapena lobiriwira kwambiri limabwezera mtundu wake pankhope ya munthu nkusokoneza diso la dokotalayo. M'zipinda zopimira pakani zoyera kapena zotuwa pang'ono, ndipo mitundu yokondweretsa maso muisungire polandirira alendo.

Musaiwale pa khomo. Kuno kwathu fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa ndi nsapato, ndipo mchenga umene uli m'menemo umapala pansi ngati sandipepala. Chopondera chachitali, choti munthu apondepo kangapo asanafike pa matailosi, chimatchinjiriza pansi ponse pa mtengo wochepa kwambiri.

Potsiriza, tinene za ndalama. Mtengo weniweni wa chinthu ndiwo wogulira, kuonjezapo wochisamalira, wochikonzera, ndi ndalama zimene zimatayika masiku amene chipatala chatsekedwa kuti amisiri agwire ntchito. Masiku amenewo antchito amalipidwabe, ndipo odwala amapita kwina, mwina osabweranso. Ngati ndalama zaperewera, ikani zambiri pa zinthu zovuta kusintha, monga pansi, masinki ndi zitseko. Makatani, zithunzi ndi maluwa zikhoza kudikira chaka chamawa.

Ndipo pali mayeso amene aliyense angachite popanda kulipira katswiri. Pemphani wogulitsa akupatseni kachidutswa ka chinthu chimene mukufuna kugula. Dontheziranipo Jik, sipiriti, ayodini ndi madzi a mandimu, chilichonse pa malo ake, osazisakaniza, pakuti Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya woopsa. Kasiyeni usiku wonse, m'mawa mupukute, kenaka mukakande ndi kiyi. Mukatero itanani namwino ndi wokolopa kuti akaone ndi kunena maganizo ao. Safunsa anadya phula. Kachidutswa kamene kapirira usiku umenewo ndiko kangakutumikireni zaka zambiri, ndipo wodwala wolowa m'chaka cha khumi adzapeza ukhondo womwewo umene anaupeza wodwala woyamba.