Zilumba Ziwiri ndi Nkhokwe za Munthu Wopusa

Ulaliki wa pa wailesi, Lamulungu la 18 la Pachaka



Mthenga Wabwino wa lero, wolembedwa ndi Luka Woyera pa mutu 12, watisimbira za munthu wachuma amene munda wake udabereka koposa, naganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zina zazikulu. Tikamvetsetsa fanizoli tiona kuti munthuyu sadabe, sadanamize wina, ndipo dzinthu zake zidali zochokera m'thukuta. Nanga Mulungu adamutchuliranji wopusa? Chifukwa pa maganizo ake onse sadakumbukire Mulungu amene adagwetsa mvula, kapena antchito amene adapalira, ngakhale nthaka imene idabereka. Mumtima mwake mudalibe malire onena kuti apa pakwana. Kuti tione m'mene matenda amenewa amagwirira ngakhale dziko lathunthu, ndifuna tiyerekeze zilumba ziwiri zakutali, zonse za mchenga wokongola, ndiponso zonse za m'maiko m'mene Akatolika ali ochuluka.

Choyamba ndi Boracay, m'dziko la Philippines, m'chigawo cha Aklan. Ndi kachilumba kakang'ono, kotalika makilomita 7 okha, koma kali ndi gombe la mchenga woyera ngati ufa lotalika pafupifupi makilomita 4. M'zaka za m'ma 1970 anthu a kumeneko ankakhalira usodzi ndi ulimi wa kokonati, ndipo eni nthaka akale ndi mtundu wa anthu otchedwa Ati. Alendo odzaona malo atayamba kufika, ndalama zidayamba kulowa, ndipo zimenezi zidali zabwino ndithu. Koma yense womanga hotela ankafuna yoposa ya mnzake, ndiponso yoyandikira madzi kupambana ya mnzake. Adakwirira madambo amene ankasefa madzi namangapo nyumba. Pofika chaka cha 2017 alendo adapitirira 2 miliyoni pa chaka chimodzi. Malo ambiri a malonda sadalumikize zimbudzi zawo ku mapaipi oyenera, kotero zonyansa zinkathera m'nyanja momwemo m'mene alendo ankasambira. Mu Febuluwale 2018 mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Rodrigo Duterte, adayerekeza chilumbachi ndi dzenje la zonyansa, ndipo pa 26 Epulo boma lidachitseka kwa miyezi 6.

Taganizani, abale anga, amene adamva kuwawa ndani. Eni mahotela akuluakulu adali ndi ndalama ku banki. Amene adagona ndi njala ndi ophika, ochapa zovala, oyendetsa mabwato ndi amayi ogulitsa timalonda pa mchenga, anthu oposa 30,000 amene ntchito yawo idaima tsiku limodzi. Pamene chilumbachi chidatsekulidwanso pa 26 Okutobala 2018, nyumba zambiri zomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi zidali zitagwetsedwa, maphwando a pa mchenga ataletsedwa, ndipo boma lidati alendo asapitirire 19,000 pa nthawi imodzi. Madzi adayera ndithu. Komabe mu 2023 alendo adapitiriranso 2 miliyoni, kusonyeza kuti kugwetsa khoma n'kwapafupi kusiyana ndi kutembenuza mtima. Makolo athu adanena zoona kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Nanga a Ati aja? Iwo adasanduka alendo kwawo komwe. Mu 2011 boma lidawapatsa chikalata cha malo a makolo awo, mahekitala 2 okha ndi pang'ono, koma ngakhale kamalo kameneko anthu ena ankakalimbirana. Masisitere a chipani cha Daughters of Charity adakhala nawo, kuwaphunzitsa ndi kuwalimbitsa mtima. Mu Febuluwale 2013 mnyamata amene ankawayankhulira, Dexter Condez, adaphedwa ndi mfuti ali ndi zaka 26. Amene mudawerenga za munda wa mphesa wa Naboti m'buku loyamba la Mafumu mukudziwa kuti nkhani yotere si yachilendo pamaso pa Mulungu, ndipo mukudziwanso kuti Iye sadakhale chete.

Chilumba chachiwiri ndi Fernando de Noronha, m'dziko la Brazil, pakati pa nyanja yaikulu ya Atlantic, makilomita pafupifupi 350 kuchokera ku mtunda. Kale boma linkatumizako akaidi, ndipo nkhalango yake yambiri idadulidwa. Koma mu 1988, mahotela akuluakulu asanafike, mbali yaikulu ya zilumbazo ndi madzi ozizungulira idaikidwa kukhala malo otetezedwa, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mlendo aliyense amalipira msonkho wosamalira chilengedwe pa tsiku lililonse limene wakhalako, ndipo akatalikitsa masiku msonkhowo umakwera. Pa magombe ena amalola anthu owerengeka okha pa tsiku. Mu 2023 akuluakulu adagwirizana kuti alendo asapitirire 132,000 pa chaka. Onani tsono: chilumba chachikulu cha Noronha chimaposa Boracay kukula kwake, koma chidadziikira malire ochepa pafupifupi kakhumi ndi kasanu poyerekeza ndi khamu la ku Boracay. Chifukwa chake akamba a m'madzi akuikirabe mazira pa mchenga wake, ndipo nyama zija zotchedwa dolphin zikubwerabe m'magulu kudzapuma m'doko lake.

Komatu tisafulumire kunena kuti kumeneko ndi ku Paradizo. Zinthu n'zodula kwambiri, kotero kuti Mbrazil wosauka sangalote zokaona chilumba cha dziko lake lomwe. Madzi akumwa ndi osowa. Ndipo kwa zaka zambiri amayi oyembekezera akhala akutumizidwa ku mtunda, makamaka ku mzinda wa Recife, kuti akachirire kumeneko, chifukwa pa chilumbapo padalibe chipinda cha amayi. Mwana amene adabadwirako mu Meyi 2018 adali woyamba patapita zaka 12. Kamba ali ndi malo oikira mazira, koma mayi alibe malo oberekera. Apanso pali funso limene Mkristu sangalilambalale.

Tsono tiphunzirapo chiyani pa zilumba ziwirizi? Choyamba, malire ndi mphatso ya Mulungu. M'buku la Levitiko, mutu 25, Mulungu adalamula Aisraele kuti alime zaka zisanu ndi chimodzi, koma chachisanu ndi chiwiri nthaka ipume, chifukwa mwini wake ndi Iye, ife ndife osunga chabe. Buku lachiwiri la Mbiri, kumapeto kwake, likutiuza kuti pamene anthu adatengedwa ukapolo ku Babiloni, m'pamene nthaka idalandira mpumulo umene adaimana. Anthu a ku Noronha adapumitsa nthaka mwaufulu nthawi ikadalipo. A ku Boracay adaipumitsa mokakamizidwa, ndipo mtengo wake adalipira ndi amphawi. Maepiskopi a ku Philippines adachenjezeratu mu 1988, m'kalata yawo yonena za kuonongeka kwa dziko lawo, ndipo malemu Papa Francis adaikumbutsa m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015. Chenjezo lidalipo zaka 30 chilumba chisanatsekedwe. Chimene chidasowa ndi makutu.

Chachiwiri, kusamala chilengedwe ndi kusamala munthu n'chinthu chimodzi. Ku Boracay adaononga nyanja, ndipo mmphawi adavutika. Ku Noronha adasunga nyanja, koma mmphawi sadamuganizire mokwanira. Mulungu amene adalenga kamba ndi yemweyo amene adalenga mayi woyembekezera m'chifaniziro chake, ndipo adzatifunsa za onse awiri.

Mwina wina akuti zimenezi n'zakutali. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso Mulungu adatipatsa nyanja ya mchenga wokongola, imene mbali yake ya ku Cape Maclear idakhala malo otetezedwa mu 1980, nilowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Alendo ndi dalitso, ndipo ana athu ambiri akudya chifukwa cha iwo. Koma mlendo ndi mame. Amene adzatsale ndi nyanjayi ndi zidzukulu zathu. Inu mafumu, musanalandire ndalama za malo a m'mphepete mwa nyanja, funsani kuti msodzi adzakocheza kuti bwato lake, ndipo amayi adzatunga kuti madzi. Inu omanga malo ogona alendo, dziwani kumene zonyansa za m'zimbudzi zanu zikuthera, ndipo lipirani antchito anu mwachilungamo. Inu makatekisiti, kambiranani zimenezi m'miphakati sabata ino. Inu makolo, phunzitsani ana kunena kuti ndakhuta, pakuti mwana amene sadziwa malire pa mbale ya nsima sadzawadziwa pa chuma cha dziko.

Munthu wa m'fanizo uja adamwalira usiku womwewo, nkhokwe zatsopano asanaziyambe n'komwe. Ife Ambuye atipatsa tsiku la lero kuti tikonze mitima yathu. Tipemphe Mzimu Woyera atiphunzitse kulandira mphatso za Mulungu mothokoza, kuzigwiritsa ntchito modziletsa, ndi kuzisiyira ana athu zili zamoyo, kuti chuma chathu chenicheni chikapezeke pamaso pa Atate. Amayi Maria atipempherere. Mulungu Mphambe akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.