Iwe ndi Inu m'Chisipanishi

M'nkhani yathu ya ziyankhulo lero tilunjika ku Spain, kukaona timawu timene timaima m'malo mwa dzina la mwininkhani. Aphunzitsi amati aloŵam'malo: ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. M'Chisipanishi amati yo, tú, él, nosotros, vosotros, ellos, ndipo iyeyo akakhala wamkazi amati ella.

Amene anayamba waphunzira Chingerezi amayesa kuti mneni sangaime popanda mloŵam'malo. Ku Madrid si choncho ayi. Munthu akati hablo, wanena kale kuti "ndimayankhula", hablas ndiye "umayankhula", hablamos, "timayankhula". Iwo mwininkhani amamuonetsa kumapeto kwa mneni, pamene ife timamuika kumayambiriro: ndi-, u-, ti-. Akati yo hablo ndiye kuti akutsindika, monga mmene ife tinenera kuti "ine ndimayankhula", ena ali duu. Mlendo wongoti yo, yo pa chiganizo chilichonse amamveka ngati wodzitama, chonsecho mwini wake sakudziŵa.

Koma poterera penipeni ndi pa ulemu. Tú ndi wa mwana kapena mnzako. Munthu wamkulu amati usted. Liwuli lili ndi mbiri. Kale "inu" waulemu anali vos, koma pofika zaka za m'ma 1500 anali atapepuka, kotero kuti olemekezeka anayamba kufuna kutchedwa vuestra merced, ndiko kuti "chifundo chanu". Mawu aŵiriŵa anaperepeseka pakamwa pa anthu mpaka kusanduka usted. N'chifukwa chake mneni wake ndi wa "iye": usted habla. Ine sindiona chachilendo pamenepa. Kodi ife sitigwada pamaso pa apongozi n'kufunsa kuti, "Amayi adzuka bwanji?" ngati tikunena za munthu wina amene palibe?

Tsono tiwoloke nyanja, pakuti Chisipanishi chinafika ku America kuyambira m'chaka cha 1492. Ku Mexico simudzamva vosotros. Anthu akachuluka, ngakhale akhale ana, ndi ustedes basi. Ku Argentina ndi ku Uruguay vos uja sanafe, koma lero ndi "iwe" wa pachinzake: vos hablás. Wophunzira akakayika, ayambe ndi usted, adikire mwini wake amuloleze kunena tú.

Sabata yamaŵa tidzamva za nosotros ndi nosotras. Tsalani bwino.